Chifuniro cha Mulungu: zimene anatiululira, zimene anatibisira, ndi mmene Mkhristu angasankhire njira

Mawu akuti "ndi chifuniro cha Mulungu" amamveka paliponse kuno kunyanja. Amanenedwa pasiwa mwana akamwalira ndi malungo, amanenedwa padoko boti likapanda kubwerera, amanenedwa mpunga ukamira m'munda, ndipo mnyamata wofunsira mbeta nayenso amawatchula kuti mtsikana aope kumukana. Nthawi zina mawuwa amakhala oona ndipo amatonthoza. Nthawi zina amangokhala chofunda chobisira ulesi, mantha kapena dyera la munthu wina. Kulephera kusiyanitsa ziwirizi kwathetsa mabanja, kwamwaza mipamba, ndipo kwaika m'manda anthu amene akanachira.

Poyambira pabwino ndi Deuteronomo 29:29. Mose akuuza Aisraeli kuti zinsinsi ndi za Yehova Mulungu wathu, koma zoululidwa ndi zathu ndi ana athu, kuti tizichita mawu onse a chilamulo. Vesi limeneli laigawa nkhaniyi pawiri. Pali zimene Mulungu anakonza koma sanatiuze: tsiku la imfa yathu, ngati mvula idzakwana chaka chino, ngati mwana amene ali m'mimba adzakula. Palinso zimene ananena poyera kuti tizichita kapena tisachite. Pa zoyambazo, udindo wathu ndi kumukhulupirira. Pa zachiwirizo, udindo wathu ndi kumvera. Chisokonezo chachikulu m'mipingo yathu chimabwera chifukwa anthu amatembenuza: amataya ndalama ndi tulo pofufuza zobisika, kwinaku zoululidwa akuzipondaponda dzuwa likuswa mtengo.

Zimene zili poyera kale

Pali malo angapo pamene Baibulo limanena mosapita m'mbali kuti ichi ndicho chifuniro cha Mulungu. Yohane 6:40 akuti aliyense woona Mwana ndi kumukhulupirira akhale ndi moyo wosatha. 1 Atesalonika 4:3 akutchula chiyeretso chathu, kuti tipewe dama. Kalata yomweyo pa 5:18 ikuti tiziyamika m'zonse. 1 Petro 2:15 akuti tizichita zabwino. Mika 6:8 akutchula zitatu: kuchita chilungamo, kukonda chifundo, ndi kuyenda modzichepetsa ndi Mulungu.

Mawu amenewa akatsikira padoko ndi pamsika amaluma. Wogula mpunga amene wasokoneza sikelo kuti thumba lizioneka lopepuka safunika kupemphera kuti adziwe maganizo a Mulungu, chifukwa Miyambo 11:1 inanena kale kuti muyeso wonyenga umamunyansa Yehova. Mwini boti amene amabisa mtengo weniweni umene wagulitsira usipa kuti achepetse gawo la anyamata amene achezera usiku wonse akukoka ukonde wa chilimira, Yakobo 5:4 akumunena: malipiro obisidwa amafuula. Msodzi amene amapatsa mayi nsomba pokhapokha agone naye, ndi mayi amene wavomera kuti malonda aziyenda motero, onse akudziwa zimene 1 Atesalonika 4:3 ikunena, ngakhale tchimo la wogwiritsa ntchito umphawi wa mnzake ndilo lolemera koposa.

Lamulo loyamba ndi lalifupi. Palibe loto, uneneri, kapena mtendere wamumtima umene ungafute chimene chinalembedwa. Bambo akanena kuti Mulungu wamuonetsa kuti asiye mkazi wake atenge wa m'kwaya, akulu a mpingo asataye nthawi kufunsa kuti lotolo linali lotani. Yankho lilipo kale.

Pamene Baibulo silinatchule dzina

Mafunso amene amasowetsa anthu tulo ndi ena: ndikwatire uyu kapena uyo, ndilime mpunga kapena ndiyambe geni ya nsomba, ndikhale kuno kapena ndisamukire ku Lilongwe. Ambiri anaphunzitsidwa kuti Mulungu ali ndi yankho limodzi lokha lobisika, ndipo ukaliphonya moyo wako wonse wasokonekera. Chiphunzitso chimenechi chimabala mantha, ndipo mantha ndiwo amathamangitsira anthu kwa alosi ovala masuti.

Atumwi sanayende choncho. Pa 1 Akorinto 7:39 Paulo akunena za mkazi wamasiye kuti ali ndi ufulu wokwatiwa ndi amene wamufuna, koma mwa Ambuye. Malire alipo, ndipo m'kati mwa malirewo muli ufulu wosankha. Pa Machitidwe 16:6-10 Paulo ndi anzake anakonza zolalikira ku Asiya, Mzimu anawaletsa. Anayesa ku Bituniya, analetsedwanso. Anatsikira ku Trowa, ndipo kumeneko ndi kumene masomphenya a munthu wa ku Makedoniya anabwera. Sanakhale pansi ku Antiokeya kudikira masomphenya. Anaganiza, ananyamuka, ndipo Mulungu anawawongolera ali paulendo.

Titenge chitsanzo chodziwika. Bambo wachinyamata wa ku Lifuwu wakolola mpunga, wagulitsa, ndalama ili m'manja. Mlamu wake akuti asonkherane agule injini ya boti. Mnzake amene ali ku Joni akumuimbira kuti abwere, ntchito ilipo. Adziwa bwanji chimene Mulungu akufuna?

Ayambe ndi kusefa njira zonse ziwiri ndi zoululidwa zija. Ulendo wa ku Joni ukafuna kudumpha malire popanda pasipoti, kupereka ziphuphu m'njira, kapena kugwiritsa ntchito mapepala a munthu wina, wagwa kale pa sefa yoyamba. Ngati mapepala ali bwino, pabwera funso la 1 Timoteo 5:8: mkazi ndi ana adzadya chiyani miyezi itatu yoyamba asanayambe kutumiza kanthu, ndipo banja lidzalimba bwanji akatha zaka asanabwere? Injini nayo ili ndi mafunso ake. Botilo lizidzalowa m'madzi nyanja itatsekedwa? Ukonde wake ndi wololedwa?

Kenako awerengere mtengo monga Yesu ananenera pa Luka 14:28 za munthu womanga nsanja. Apa pamafunika pepala ndi cholembera, osati kungoganiza mumtima. Alembe mtengo wa injini, mafuta a ulendo umodzi, gawo la antchito, ndalama yokonzera ikawonongeka, ndi miyezi imene mwera umatsekereza maboti padoko. Alembenso mmene phindu lizigawidwira, ndi chimene chidzachitike mmodzi akafuna kutuluka, pamaso pa mboni, ngakhale mnzakeyo ndi mlamu. Kulemba sikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Maubale ambiri aphwasuka chifukwa cha mgwirizano wapakamwa umene aliyense amaukumbukira mosiyana.

Pemphero lake likhale lopempha nzeru, monga Yakobo 1:5 akulonjeza, ndiponso lopempha kuti Mulungu amuonetse chimene chikumukoka. Mwina akufuna Joni chifukwa cha nsanje ndi mnzake amene wamanga ya malata. Mwina akufuna injini chifukwa akuopa kukhumudwitsa apongozi. Pemphero labwino limavundukula zimenezi. Kusala kudya kumathandiza kukhazika mtima pansi, koma sikukakamiza Mulungu kuyankha; ndipo amayi oyembekezera, odwala shuga ndi amene akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku asasale asanafunse kuchipatala.

Safunsa adadya phula. Miyambo 15:22 imati zolinga zimalephera popanda uphungu. Koma uphungu umawonongeka munthu akamasankha okhawo amene amuvomereze. Woyamba kufunsidwa akhale mkazi wake, pakuti ndalamayo anailimira limodzi. Wachiwiri akhale wodziwa ntchitoyo, makamaka amene inamukanika: amene injini inamugwetsa m'ngongole, amene anabwerako ku Joni chimanjamanja. Wachitatu akhale Mkhristu wokhwima amene sapindula kanthu ndi chisankhocho, kaya mkulu wa mpingo, abusa, bambo mfumu, kapena mayi wodalirika wa kumphakati. Atatu osadalirana akanena chenjezo limodzi, limenelo lisanyozedwe.

Apereke nthawi. Ignatius wa ku Loyola, wansembe wa Katolika amene anamwalira mu 1556, anasiya langizo limene lathandiza Akhristu a mipingo yambiri: mtima ukakhala mumdima, usasinthe chimene unatsimikiza uli m'kuwala. Sabata ya maliro, tsiku la mkangano ndi mkazi, mwezi umene katapila wakupanikiza, si nthawi yogulitsa munda kapena kusiya mpingo. Aliyense wokuuzani kuti muvomere lero lomwe mwayi usanapite, akukulandani nthawi yoganiza.

Zonsezi zikachitika ndipo njira zonse ziwiri zikadali zoyera, asankhe imene akuiona kuti ndi yanzeru, anene monga Yakobo 4:15 akuphunzitsira kuti Ambuye akalola tidzachita chakuti, agwire ntchito. Sanachimwe posankha popanda kumva liwu lochokera kumwamba.

Pa ukwati njira ndi yomweyi, kungoti mafunso amasintha. Lamulo la dziko lino silola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, choncho "Mulungu wandionetsa" wonena za mwana wa sukulu ndi mlandu wa kupolisi. Awiriwo akayezetse magazi limodzi, ankhoswe a mbali zonse adziwe, ndipo aliyense afufuze ngati mnzakeyo alibe banja kwina, pakuti m'madoko mumafika anthu ochokera kutali. Kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota Akhristu ndi Asilamu timatunga pamjigo umodzi ndi kulirana maliro, ndiye chikondi chodutsa zipembedzo sichachilendo. Mkhristu amene sanalowe m'banja aganizire mofatsa mawu aja akuti "mwa Ambuye", ndipo asadzinamize kuti nkhani ya kumene ana azidzapemphera kapena ya mitala idzadzikonza yokha. Amene ali kale m'banja lotere, 1 Akorinto 7:12-13 ikuti asathetse ukwati ngati mnzakeyo akulola kukhala naye.

Zizindikiro zimene zimasokeretsa

Anthu amakonda kunena kuti khomo latseguka, ndiye kuti Mulungu wavomera. Yona pothawa Mulungu anafika ku Yopa n'kupeza chombo chopita ku Tarisi chili chire, ndalama yolipirira ali nayo. Davide anapeza Sauli ali yekha m'phanga, anyamata ake akumuuza kuti tsiku la Yehova ndi lomweli, koma iye anakana kumupha (1 Samueli 24). Mpata umangosonyeza kuti chinthu n'chotheka, osati kuti n'choyenera.

Mtendere wamumtima nawonso sutsimikiza kanthu pawokha. Yona yemweyo anagona tulo tofa nato m'chombo namondwe akuwomba. Yesu m'Getsemane, ali pakati penipeni pa chifuniro cha Atate, anavutika mpaka thukuta lake linakhala ngati madontho a magazi. Chikumbumtima chikakutsutsani, imani mufufuze. Koma chikakhala chete, mwina n'chifukwa choti mwachizoloweza.

Gideoni anaika chikopa cha nkhosa pabwalo kawiri (Oweruza 6:36-40), koma anatero Mulungu atamuuza kale zochita, ndipo iye mwini anapempha kuti Mulungu asamukwiyire. Ndi nkhani ya kuleza mtima kwa Mulungu, si njira yoti tizitsata. Kutsegula Baibulo mwachisawawa ndi kuloza chala pa vesi n'chimodzimodzi ndi kuombeza ula.

Za maloto ndi aneneri tiyenera kunena mosamala, chifukwa Baibulo silikana kuti Mulungu angalankhule motero. 1 Atesalonika 5:20-21 ikuti tisanyoze mauneneri, koma tiyese zonse. Miyeso yake ilipo. Deuteronomo 18:22: chimene wanenacho chikapanda kuchitika, sanatumidwe. Deuteronomo 13:1-3: ngakhale chichitike, ngati akukupatutsani kwa Mulungu, musamumvere. 1 Akorinto 14:29: ena ayese zimene zanenedwa, kutanthauza kuti uneneri wokuuzani kuti musauze abusa anu kapena amuna anu wadzitsutsa wokha. Petro anadzudzula Simoni wamatsenga koopsa poganiza kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe ndi ndalama (Machitidwe 8:20), choncho woika mtengo pa kukuuzani tsogolo lanu wadziulula. Woopsa kwambiri ndi amene amatchula dzina la agogo kapena azakhali kuti ndiwo akumanga mwayi wanu. Mawu otere achititsa kuti okalamba amenyedwe ndi kuwotcheredwa nyumba, ndipo lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Ngakhale uneneri woona sumuchotsera munthu udindo wosankha. Ku Kaisareya, mneneri Agabo ananeneratu zoona kuti Paulo akamangidwa ku Yerusalemu. Abale anamva n'kuganiza kuti ndiye asapite. Paulo anamva zomwezo n'kupitabe, ndipo iwo analeka kumukakamiza nati kufuna kwa Ambuye kuchitidwe (Machitidwe 21:10-14).

Kukhulupirira sikupinda manja

Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja awerenge Machitidwe 27 mofatsa. M'chombo chimene Paulo anakwera pa ulendo wa ku Roma munali anthu 276, namondwe anawazunza masiku 14, ndipo mngelo anauza Paulo kuti palibe amene adzafe. Lonjezo linali lotsimikizika. Komabe amalinyero atafuna kuthawa pa kabwato, Paulo anauza asilikali kuti anthu awa akapanda kukhala m'chombo, inu simungapulumuke. Anawalimbikitsanso kuti adye kuti apeze mphamvu. Chombo chitasweka, odziwa kusambira anasambira, ena anagwira matabwa. Mulungu anakwaniritsa mawu ake kudzera mwa amalinyero, chakudya, manja osambira ndi matabwa. Ndipo chiyambi cha tsoka lonselo chinali kunyoza chenjezo la Paulo loti nyengo yoyenda panyanja yatha.

Choncho a zanyengo akalengeza pa wailesi kuti mwera uwomba mwamphamvu, monga umachitira kawirikawiri m'miyezi yozizira ya June, July ndi August, msodzi amene akankhira bwato m'madzi akunena kuti tsiku likakwana lakwana sakuonetsa chikhulupiriro. Akuchita chimene Satana anauza Yesu pamwamba pa kachisi, ndipo Yesu anayankha kuti usamuyese Ambuye Mulungu wako (Mateyu 4:7). Miyambo 22:3 imati wochenjera amaona zoipa n'kubisala. Mwini boti wodzaza anthu ndi katundu kupyola muyeso, likamira asabisale kumbuyo kwa dzina la Mulungu.

Pa matenda ndi chimodzimodzi. Mwana akatentha thupi, apite kukayezedwa malungo tsiku lomwelo, ndipo akapatsidwa LA amwe kawiri pa tsiku masiku atatu mpaka amalize, ngakhale aoneke kuti wachira pa tsiku lachiwiri. Wotsegula m'mimba mwamadzimadzi ayambe kumwa Thanzi ali paulendo wa kuchipatala, chifukwa kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa. Mliri wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Amene ali pa ma ARV asasiye chifukwa wina wamusanjika manja n'kumuuza kuti wachira. Itanani akulu a mpingo apemphere monga Yakobo 5:14 akunenera, koma pempherolo lichitikire panjira kapena pabedi la kuchipatala. Mulungu atalonjeza Hezekiya zaka 15 zowonjezera, Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pachithupsa chake (Yesaya 38:21).

Zikavuta ngakhale wachita zonse

Apa ndi pamene chikhulupiriro chimayesedwa kwenikweni. Munthu wasefa, wawerengera, wafunsa, wapemphera, koma injini yabedwa mwezi wachiwiri, kapena madzi osefukira onga amene anavuta ku Dwangwa mu 2024 akokolola munda. Kodi anaphonya chifuniro cha Mulungu?

Mu tchalitchi cha All Saints ku Nkhotakota muli manda a Chauncy Maples, mmishonale wa mpingo wa Anglican. Anatumikira zaka zambiri m'chigawo chino cha Africa, anadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma mu June 1895, ndipo mu September chaka chomwecho anamira m'nyanja yathu ino boti litatembenuzika ndi namondwe, asanafike n'komwe pa mpando wake. Anali pa ntchito ya Mulungu. Yesu atafunsidwa za munthu wobadwa wosaona anati sanachimwe iye kapena makolo ake (Yohane 9:3), ndipo za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anati sanali ochimwa kuposa ena (Luka 13:4-5). Tsoka si umboni wakuti munthu anasochera, monganso kulemera si umboni wakuti Mulungu wakondwera.

Kukhulupirira sikuletsa kupempha kuti zinthu zisinthe. Yesu anapempha kuti chikho chimupitirire, kenaka n'kunena kuti si chimene ndifuna ine koma chimene mufuna Inu (Marko 14:36). Mbali zonse ziwiri n'zofunika, ndipo dongosolo lake ndi lomwelo: nenani chimene mukufuna moona, kenaka muchipereke. Paulo anapempha katatu kuti munga umuchoke, anayankhidwa kuti chisomo chikukwanira. Anyamata atatu aja, Sadrake, Mesake ndi Abedinego, anauza mfumu Nebukadinezara kuti Mulungu akhoza kuwalanditsa m'ng'anjo, koma ngakhale asatero, fano salipembedza (Danieli 3:17-18). Katekisma wa Heidelberg wa 1563, wodziwika m'mipingo ya Sinodi ya Nkhoma, amati kudziwa chisamaliro cha Mulungu kumatithandiza kupirira pa zovuta, kuyamika pa zabwino, ndi kudalira Atate pa zam'tsogolo.

Kuti Mulungu walola chinthu sizitanthauza kuti wakondwera nacho. Yosefe anauza abale ake kuti inu munandipangira choipa, koma Mulungu anachipangira chabwino (Genesis 50:20). Choipa anachitchulabe choipa. N'chifukwa chake mayi amene akumenyedwa asauzidwe kuti pirirani ndi mtanda wanu. Athandizidwe kufika pamalo otetezeka, kwa ankhoswe, ndi ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa. Achibale olanda katundu wa mkazi wamasiye akuchita chimene Mulungu amadana nacho, ndipo mpingo ukhale mbali ya wamasiyeyo. Pasiwa napo tisamale pakamwa. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala chete, ndipo atayamba kufotokoza zifukwa za Mulungu anadzudzulidwa (Yobu 42:7). Mayi wotaya mwana safunika kuuzidwa chifukwa chimene Mulungu wachitira zimenezi, poti palibe akuchidziwa. Akufunika nkhuni, ufa, ndi anthu odzamuyendera mwezi wotsatira anthu onse atabalalika.

Chisankho chikabala zowawa, munthu adzifunse kuti gwero lake n'chiyani, chifukwa mankhwala ake amasiyana. Ngati panali tchimo, monga bodza kapena kubisira mkazi ndalama, aulule kwa Mulungu ndi kwa wolakwiridwayo, abweze chimene angathe monga anachitira Zakeyu. Ngati kunali kusadziwa, monga kugula injini yakale osapita ndi makaniko, palibe choti alape. Aphunzirepo ndipo achenjeze anzake. Ngati panalibe tchimo kapena kusasamala, asadzizunze kufunafuna cholakwa chimene kulibe, ndipo asalole wina kumugulitsa yankho. Pa zitatu zonsezi, ngati pali ngongole apite yekha kwa mwini ndalama asanamulondole, anene zoona za chimene chatsala, agwirizane kabwezedwe kolembedwa, ndipo asatenge katapila wina kuti atseke woyamba.